Mwana wa ku Chadiza asamangokhala mlonda pa siteji

Ku America kuli mkangano umene watenga zaka m'makoleji ophunzitsa masewero a nyimbo, aja amene osewera amakamba, kuimba ndi kuvina m'sewero limodzi. Makoleji ambiri anayamba kulandira ophunzira akuda, a ku Asia ndi a mitundu ina, ndipo pa zithunzi zoitanira ophunzira atsopano zonse zimaoneka bwino. Koma ikafika nthawi yosankha sewero la chaka, amabwerera ku masewero akale monga Oklahoma! la 1943 kapena The Sound of Music la 1959, amene analembedwa poganizira osewera achizungu. Mapeto ake mtsikana wakuda amalipira ndalama zofanana ndi anzake, amaphunzira zaka zinayi, koma mbali imene amapatsidwa ndi ya wantchito wa m'nyumba kapena kuima kumbuyo m'gulu loimba. Mu June 2020, George Floyd ataphedwa, akatswiri a zisudzo mazana angapo, akuda ndi a mitundu ina, anasaina kalata yodzudzula mchitidwe umenewu m'nyumba za masewero za dziko lawo.

Mwina muti, nanga ife za ku America zitikhudza bwanji pamene m'kalasi mwathu pafupifupi tonse ndife akuda? Ife tikuti zitikhudza, chifukwa funso lake ndi lomwelo ngakhale khungu litafanana. Kulandira munthu pakhomo ndi chinthu chimodzi, kumupatsa malo okhala m'nyumba ndi china. Sewero limene gulu lasankha ndilo limagamula amene adzakhala patsogolo, amene adzaseketsa anthu chabe, ndi amene adzanyamula mipando. Kuno kwathu amene amanyamula mipando kawirikawiri ndi mnyamata kapena mtsikana wochokera kumadera monga Chadiza, amene Chizungu chake chili ndi kamvekedwe ka kumudzi ndipo Chichewa chake ndi chozama kuposa Chinyanja cha mu Lusaka.

Nkhani imeneyi si yatsopano m'Zambia. M'nthawi ya atsamunda, matauni a m'mbali mwa njanji anali ndi nyumba za masewero za Azungu: Lusaka Playhouse, Little Theatre ku Kitwe, Lowenthal ku Ndola, Venus ku Kabwe. Masewero ake anali ochokera ku London, osewera ndi oonera omwe anali Azungu, ndipo munthu wakuda amene ankalowamo nthawi zambiri anali wosesa kapena woperekera zakumwa. Ufulu utabwera mu 1964, zitseko zinatseguka, koma mndandanda wa masewero sunasinthe msanga. Ndicho chifukwa chake ophunzira ndi aphunzitsi a pa UNZA, pamodzi ndi Michael Etherton, anamanga bwalo lawo lapanja kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 ndi kulitcha Chikwakwa. Dzinalo ndi lathu lomwe: chida chotchetchera udzu. Anayamba kutenga masewero ndi kupita nawo m'zigawo, kusewera pamaso pa anthu wamba m'zinenero zawo. Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, nkhani ya Kenneth Kaunda ndi nkhondo yomenyera ufulu. Masautso Phiri ndi gulu la Tikwiza anaonetsa za Soweto. Mu 1975 kunabadwa bungwe la ZANTAA, la magulu amene ankafuna zisudzo za Azambia eni ake.

Choncho makolo athu m'zaluso anamenya kale nkhondo yoyamba, ndipo anapambana. Lero palibe amene angaletse munthu wakuda kukwera siteji ya Playhouse. Koma mpando umene Mzungu anasiya sunakhale wopanda munthu. Panakhala Chizungu, ndiponso kaganizidwe kakuti zinthu za m'tauni ndizo zanzeru, za kumudzi ndizo zoseketsa.

Tangoonani masewero ambiri amene timaonera m'masukulu, m'makoleji ngakhalenso pa TV. Dokotala, loya, mtsikana amene onse amufuna ndi mnyamata amene adzamukwatira amakamba Chizungu. Mlonda wa pageti, wantchito wa m'nyumba, chidakwa, apongozi ovuta ndi sing'anga amakamba chinenero cha kwathu, ndipo akangotsegula pakamwa anthu ayamba kale kuseka asanamve n'komwe zimene akamba. Wa Kum'mawa akalowa, tidziwiratu kuti patsala pang'ono nkhani ya mbewa ituluke. Chimbuya chathu ndi Abemba n'chabwino, chimatisungitsa mtendere ndipo pamaliro chimapepuza mitima. Koma ngati mbali yokha imene ilipo ya wa Kum'mawa ndi ya munthu wosekedwa, ndiye kuti si chimbuya ayi. Mwana amene aonera zimenezi chaka ndi chaka amaphunzira phunziro limodzi: kuti chinenero cha amayi ake sichingathe kunyamula chikondi, chisoni kapena nzeru.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wa ku Chadiza amafika ku koleji atadziwa kale zimene anzake a ku New York amalipira madola ambiri kuti aphunzire. Ganizani za nthano zimene agogo amasimba madzulo. Wosimba amasintha mawu kuti akhale kalulu, akhale fisi, akhale mfumu. Omvera amavomera kuti ali pamodzi naye. Nkhani ikafika povuta, wosimba amayambitsa nyimbo, onse n'kuyankha, ndipo nyimboyo ndiyo imapititsa nkhani patsogolo. Limenelo ndi sewero la nyimbo lathunthu, losowa chabe magetsi ndi matikiti. Mtsikana amene wakulira kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala wavinapo chimtali ndi chitelele, ndipo adziwa kuti nyimbo ya pamtondo imatha kudzudzula mwamuna waulesi popanda kutchula dzina lake. Mnyamata adziwa kusiyanitsa mawu a mbalule ndi a mpanje. Luso lonseli limafika naye pa geti ya koleji, koma palibe amene amamufunsa. Amafunsidwa ngati angathe kutchula bwino mawu a Chizungu.

Ena ati, koma magule athu alipo pa mipikisano yonse. N'zoona. Pa zikondwerero za NASAAZ, zimene zimayambira m'mazoni mpaka kufika pa dziko lonse, magule a makolo ali ndi gawo lawo, ndipo aphunzitsi amene amakonzekeretsa ana, nthawi zambiri popanda malipiro apadera, ayenera kuthokozedwa. Vuto limene tiona ife ndi mpanda umene uli m'mitu yathu. Taika sewero mbali ino, gule mbali iyo. Sewero ndi la anzeru, limakamba nkhani zazikulu. Gule ndi wa mphindi zisanu polandira mlendo wolemekezeka, kuti aponye ka K50, ajambulidwe, ndipo pulogalamu yeniyeni iyambe. Pa bwalo la kumudzi mpanda umenewu kulibe. Nyimbo, gule, chovala ndi nkhani ndi chinthu chimodzi.

Chitsanzo chachikulu tili nacho pakhomo pomwe. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndi wa Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa August timamuona pa Kulamba ku Mkaika, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Amene anaonetsetsa bwino adziwa kuti m'gule muli anthu a mitundu yonse. Muli Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, muli Maliya, muli zilombo zofanizira Mmwenye wamalonda, ngakhale galimoto. Mlendo aliyense amene anafika ndi mphamvu m'dziko la Achewa anapezeka pabwalo, akuyesedwa ndi kusekedwa. Pamene makoleji a kunja akangana za amene ayenera kusewera mtundu wa mnzake, makolo athu anali ataganizira kale za mlendo, mphamvu ndi chigoba.

Apa tiyenera kusamala. Gule Wamkulu si chovala chobwereka pa tsiku la mpikisano. Ali ndi eni ake, ali ndi dambwe, ali ndi mwambo umene osalowa sayenera kuseweretsa. Gulu la ophunzira limene lisoka chigoba cha makatoni ndi kudumphadumpha kuti lipate mamakisi lichita chipongwe chofanana ndi cha Mzungu wodzipaka makala kumaso kuti aoneke wakuda. Chimene tingatenge kwa gule ndi nzeru ya kapangidwe kake: mmene ng'oma imayankhulirana ndi wovina, mmene amayi oimba amafotokozera tanthauzo la chilombo, mmene oonera amakhalira mbali ya sewero. Zotsalazo zifunika kupempha kwa mafumu ndi akuluakulu a mwambo, ndipo akakana, akana. Malemu Mapopa Mtonga wa pa UNZA anaonetsa kuti munthu angathe kuphunzira ndi kulemba za miyambo imeneyi mwaulemu. Koma kumbukirani zimene zinachitika mu 2018 pamene UNZA inalengeza za digiri ya chikhalidwe ndi miyambo ya makolo: anthu pa Facebook anaitcha digiri ya ufiti. Manyazi amenewa ndiwo amatibweza m'mbuyo kuposa kusowa kwa ndalama.

Nkhani ya khungu nayonso tisaithawe ngati kuti ndi ya ku America kokha. Ku Chipata kuli mabanja a Amwenye amene akhalako mibadwo ingapo, ndipo ana awo ena amakamba Chinyanja kuposa ife a mu Lusaka. Pa siteji yathu Mmwenye ndi mmodzi yekha: wa sitolo, woumira, wokamba mopotoka. Makaladi timawaona ngati anthu a ndewu ndi mowa. Posankha mtsikana wokhala patsogolo m'sewero la chikondi, maso amathamangira kwa woyera khungu, ndipo wakuda bii amapatsidwa mbali ya mkazi wansanje kapena mfiti. Nanga mnzathu wachialubino tinamuonapo kangati akusewera mphunzitsi, wapolisi kapena mkwati, m'sewero limene silikamba za ualubino? Filimu ya Can You See Us?, yochokera pa moyo wa woimba John Chiti, itafika pa Netflix mu 2023 anthu a m'maiko ambiri anaionera. Inaonetsa kuti nkhani ya munthu amene timamuika kumbuyo ingathe kuyenda kutali kuposa nkhani zathu zokopera. Chotsatira chake chikhale chakuti wosewera wachialubino apatsidwe mbali iliyonse imene luso lake lingakwanitse.

Pali zifukwa zimene otsogolera magulu amapereka, ndipo si zonse zopanda pake. Choyamba n'chakuti Chizungu ndicho chimagwirizanitsa dziko la mitundu 73, ndipo sewero la m'Chichewa silingamveke kwa woweruza wa ku Mongu kapena oonera a ku Solwezi. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo ife sitikuti Chizungu chichoke. Koma taonani Sarafina! ya Mbongeni Ngema. Inayambira ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, n'kufika ku Broadway mu 1988, ili ndi nyimbo zambiri za m'Chizulu, ndipo anthu a ku New York anadzaza nyumba. Ife tomwe timavina nyimbo za ku Congo ndi amapiano popanda kumva mawu onse. Sewero la nyimbo lili ndi mwayi umene sewero la mawu okha lilibe: thupi, ng'oma ndi liwu zimafotokoza zimene chinenero chasiya. Ndipo woweruza amene sangathe kuweruza sewero la m'chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene timaphunzira m'sukulu ndi kumva pa ZNBC afunika womuthandiza pambali. Si ana amene ayenera kusiya chinenero chawo kuti ntchito yake ipepuke.

Chachiwiri n'chakuti masewero olembedwa m'zinenero zathu ndi ochepa, pamene a Chizungu ali mbwee pa intaneti. Izinso n'zoona, koma ndi nkhuku ndi dzira. Salembedwa chifukwa saseweredwa. Komanso si kuti tiyambira pa zero. Julius Chongo anagwira dziko lonse la okamba Chinyanja ndi pulogalamu yake ya pa wailesi ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi akusewera anthu onse a m'nkhani. Akuluakulu ambiri a Kum'mawa akali kumukumbukira. Ndi ophunzira angati a zisudzo amene anamvapo mawu ake m'kalasi? Tsidya la malire, ku Malawi, gulu la Kwathu lakhala likudzaza maholo ndi masewero a m'Chichewa kwa zaka zambiri, pamene Du Chisiza Jr. ndi Wakhumbata anali kuchita zomwezo m'Chizungu. Ziwirizi zinayendera limodzi, ndipo palibe chimene chinapha chinzake.

Chachitatu ndi mantha a tsankho la mitundu. Ena aopa kuti tikayamba kukamba za Achewa, Ansenga, Angoni ndi Atumbuka pa siteji, tidzagawa dziko. Ife tiona mosiyana. One Zambia, One Nation sinatanthauze kuti tonse tikhale ngati anthu a ku Kabulonga. Mtonga amene waphunzira nyimbo ya chimtali kuti asewere mbali yake, ndi Mchewa amene watuluka thukuta pophunzira kalela kapena budima, amatuluka m'sewero akudziwana kuposa mmene analowera. Tsankho limakula pamene mtundu wina uoneka nthawi zonse ngati bwana ndipo wina ngati wantchito.

Ndipo tisamveke ngati tikuti za kunja zitayidwe. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Julius Nyerere anamasulira Julius Caesar wa Shakespeare m'Chiswahili ali mtsogoleri wa dziko. Welcome Msomi anatenga Macbeth n'kumuika pakati pa Azulu m'sewero la uMabatha, limene linafika mpaka ku London. Lin-Manuel Miranda mu Hamilton, mu 2015, anapatsa osewera akuda ndi a Chilatino mbali za Azungu amene anayambitsa dziko la America. Onsewa anatenga cha mlendo n'kuchiphika mu mphika wawo. Chimene tikana ndi kukopera ngati mwana wa giredi 4 wokopera pa bolodi, mpaka kuvala majasi a chisanu mu October chifukwa ndi mmene anavalira pa YouTube.

Nkhani zoti n'kuimbidwa ku Chadiza zilipo zambiri, ndipo zikudikira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo zinkaoloka malire kuchokera ku Mozambique ndi kuukira midzi ya m'maboma a m'malire, Chadiza ili pakati pawo. Alipo amayi ndi abambo amoyo lero amene anagona m'thengo masiku amenewo, ndipo ana awo a m'tauni sadziwa n'komwe. Pali nkhani ya azibambo amene anapita ku Walale ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho, ena osabwerako, ndi akazi amene anatsala akuimba pamtondo. Pali nkhondo ya 1898 pamene Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaima kulimbana ndi Azungu ndi kuphedwa. Pali banja limene munda wake uli m'Zambia koma agogo ali ku Mozambique ndipo malume ali ku Malawi. Pali mlimi wa soya ndi vobwenzi wa sikelo yokhota, mtsikana wa giredi 9 amene afunsiridwa ukwati pamene mayeso ali pafupi, mnyamata amene wamaliza koleji koma akwera njinga yamoto kunyamula anthu pa boma. Iliyonse mwa nkhanizi ili ndi chikondi, mantha, nthabwala ndi imfa. Broadway ilibe zoposa pamenepa.

Nanga tichite chiyani, ife amene tili m'magulu a masewero ku UNZA, ku Evelyn Hone, ku koleji ya aphunzitsi ya Chipata, m'matchalitchi ndi m'makomboni? Tiyambe ndi kuwerenga. Gulu lililonse litenge masewero asanu omaliza amene linaonetsa, ndi kufunsa: analemba ndani, anali m'chinenero chanji, anali patsogolo ndani, ndipo amene anakamba chinenero cha kwathu anali munthu wotani m'nkhanimo? Yankho lidzakamba lokha.

Kenaka kusankha sewero kusakhale kwa munthu mmodzi. Ophunzira onse akhale ndi mawu, kuphatikizapo a chaka choyamba amene angofika kuchokera kumudzi ndipo akali ndi manyazi. Pa masewero awiri alionse, limodzi likhale lolembedwa kuno, ndipo mbali yaikulu ikambe chinenero cha kwathu popanda kukhala chitsiru. Poyesa osewera, munthu aloledwe kuimba nyimbo ya kwawo ndi kusimba nthano, osati kuwerenga chabe ndime ya Chizungu. Woimba ng'oma wa kumudzi akaitanidwa kudzaphunzitsa, alipidwe ngati mphunzitsi ndipo dzina lake lilembedwe pa pepala la pulogalamu, osati kumupatsa nsima ndi ya basi basi.

Makoleji a aphunzitsi ndiwo ali ndi udindo waukulu kopambana, chifukwa amene aphunzira kumeneko chaka chino ndi amene adzatsogolera makalabu a masewero m'masukulu a ku Chadiza, Vubwi ndi Katete zaka makumi awiri zikubwerazi. Mphunzitsi amene anaphunzitsidwa kuti sewero labwino ndi la Chizungu chokha adzapita kumudzi kukaphunzitsa ana kunyoza zimene ali nazo kale. Ndipo popeza mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, achinyamata a ku Chadiza ali ndi ufulu wopita ku makomiti a m'mawadi ndi kufunsa ngati kagawo kena sikangathandize gulu la zisudzo, zida zoimbira kapena holo yoonetseramo masewero. Osapempha sadya.

Ife a m'tauni tili ndi mbali yathu. Ambiri tinabadwira ku Matero, Chawama kapena Kanyama, ndipo kumudzi timapita pa maliro chabe. Chinyanja chathu n'chosakaniza, ndipo palibe cholakwa ndi zimenezo. Nachonso chiyenera kukwera siteji monga mmene chilili. Koma mnzathu wa ku Chadiza akakamba mawu amene sitinawamvepo, tisaseke. Timufunse tanthauzo, tilembe, tiike m'nyimbo. Iye ali ndi mawu amene ife tinataya, ife tili ndi mafoni, ma studio a m'komboni ndi njira zofikira anthu ambiri. Mutu umodzi susenza denga.

A Chikwakwa anatchetcha udzu wa nthawi yawo ndi kumanga bwalo pamene panalibe kanthu. Udzu umamera chaka chilichonse, ndipo umene wamera tsopano ndi wathu. Gulu lanu likadzakhala pansi kusankha sewero la teremu ikubwerayi, muyang'ane amene wakhala phee kumbuyo, uja amene nthawi zonse mumamupatsa chibonga ndi chijasi cha mlonda. Mumufunse nyimbo imene agogo ake ankaimba, ndipo mumupatse nthawi aimalize.